Masheya M'nyengo ya Chisankho: Kugulitsa, Kudekha Kapena Kusamutsa Ndalama?

Chaka cha chisankho chikafika, munthu amene ali ndi masheya amamvetsera wailesi ndi makutu awiri: khutu lina limatsatira misonkhano ya kampeni, pamene linalo limawerengera ndalama zake. Funso limene ndimamva kawirikawiri nyengo imeneyi ndi lakuti, "Kodi ndigulitse masheya anga anthu asanaponye voti?" Ofunsawo si anthu olemera okhaokha ayi. Ambiri ndi aphunzitsi, anamwino ndi amalonda ang'onoang'ono amene anagula masheya a Airtel Malawi kapena a FDH Bank pamene makampaniwa ankalowa pa msika wa Malawi Stock Exchange mu 2020. Ngakhalenso amene sanagulepo sheya ndi imodzi yomwe nkhaniyi ikuwakhudza, chifukwa kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba anthu ntchito kuwasungira penshoni, ndipo gawo lalikulu la ndalama za penshonizo limaikidwa m'masheya ndi m'ngongole za boma.

Tisanayerekeze njira zimene munthu angatsate, ndi bwino kumvetsa chimene chimagwedeza mtengo wa sheya. Mtengowo ndi chiyembekezo cha ogula ndi ogulitsa pa phindu limene kampani idzapeze m'tsogolo, ndipo ndale zimafika pa phindulo kudzera m'makomo ochepa odziwika: mphamvu ya kwacha, chiwongoladzanja chimene Banki Yaikulu yakhazikitsa, misonkho, kuchuluka kwa ngongole zimene boma likutenga, ndiponso mtendere woti anthu atsegule masitolo. Dzina la wopambana palokha silisintha phindu la kampani ya shuga kapena ya mafoni. Chimene chimasintha phindulo ndi zimene wopambanayo adzachite pa makomo amenewa, ndipo zimenezi kawirikawiri zimadziwika patapita miyezi kapena zaka. Njira iliyonse tiiyese ndi funso limodzi: kodi ikukutetezani ku chiyani kwenikweni?

Njira imene imabwera msanga m'maganizo ndiyo kugulitsa masheya onse, kusunga ndalamazo kubanki, n'kudzagulanso fumbi likatsika. Pali nthawi zina pamene anthu ochita zimenezi anapulumukadi. Ku Argentina, pa 12 August 2019, tsiku lotsatira chisankho chachipulula chimene chinaonetsa kuti pulezidenti wa nthawiyo, Mauricio Macri, ali m'mbuyo kwambiri kwa wopikisana naye Alberto Fernández, msika wa masheya wa ku Buenos Aires unataya kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wake tsiku limodzi lokha, ndipo ndalama ya dzikolo inagwanso nthawi yomweyo. Koma nkhani zosiyana ndi imeneyi ndi zambiri. Ku India, pa 4 June 2024, zitadziwika kuti chipani cha BJP cha Narendra Modi sichinapeze mipando yokwanira kulamula pachokha, masheya anatsika ndi pafupifupi 6 peresenti, koma m'masiku ochepa otsatira anabwerera pamene anali. Ku America usiku wa pa 8 November 2016, pamene zinkaoneka kuti Donald Trump akupambana, malonda a usiku anaonetsa kutsika kwa pafupifupi 5 peresenti, koma tsiku lotsatira msika unatseka uli pamwamba kuposa dzulo lake. Wogulitsa mwamantha amafunika kulondola kawiri, potuluka ndi pobwerera, ndipo anthu ambiri amalephera kachiwiriko chifukwa amadikira mpaka mtima utakhala pansi, pamene mitengo imakhala itakwera kale.

Kwathu kuno njira imeneyi ili ndi mavuto ena awiri amene ndikuona kuti ndi aakulu kuposa a kunjako. Loyamba ndi lakuti msika wathu ndi waung'ono. Kuyambira pamene NICO inakhala kampani yoyamba kugulitsa masheya ake pa msikawu mu 1996, makampani olembetsa sanafikebe 20, ndipo masheya ambiri ali m'manja mwa mabungwe a penshoni ndi a inshulansi amene sagulitsa chisawawa. Mungathe kupereka oda kwa broker wanu, yemwe ndi mkhalapakati wogulira ndi kugulitsira anthu masheya, kuti akugulitsireni, masiku n'kumadutsa wogula osapezeka. Ndipo mukadzafuna kubwerera, mungapeze mzere wa ogula uli wautali pamene wogulitsa palibe. Kuwonjezera apo, kugulitsa ndi kugulanso kumadya komishoni kawiri.

Vuto lachiwiri ndi kwacha yeniyeniyo. Munthu amene wathawa masheya n'kugwira ndalama amaganiza kuti wabisala m'nyumba, pamene wabisala pamalo amene mvula ya ndale imagwa kwambiri. Bingu wa Mutharika atamwalira mu April 2012, boma la Joyce Banda linatsitsa mphamvu ya kwacha mwezi wotsatira, dola imodzi n'kuchoka pa pafupifupi K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze mayi amene anali ndi K1,000,000 m'buku lake la kubanki sabata imeneyo. Madzulo ndalama yake inali yofanana ndi madola pafupifupi 847. Kutacha inali madola 588, ngakhale kuti manambala a m'bukumo sanasinthe ndi tambala yomwe. Anazindikira zimene zachitika atapita kukagula feteleza, simenti ndi mafuta ophikira. Kampani imatha kukweza mitengo ya katundu wake kuti itsatane ndi kugwa kwa kwacha, koma ndalama yogona m'buku ilibe chochita. Pa chifukwa chimenechi, njira yogulitsa zonse ndimaiika pamapeto penipeni, pokhapokha ngati ndalamayo ikufunikadi posachedwa pa fizi, chipatala kapena denga la nyumba.

Njira ina ndiyo kungokhala chete, osagulitsa ndiponso osagula, n'kusiya chisankho chidutse. Mbiri ya msika wathu imaikira kumbuyo njira imeneyi kuposa mmene ambiri amaganizira. Nyengo yochokera pa chisankho cha pa 21 May 2019 inali yovuta: zionetsero zinkatseka misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, ndipo anthu anavotanso pa 23 June 2020 n'kusankha Lazarus Chakwera. Msika wa masheya sunagwe m'nyengo yonseyi, ngakhale kuti sunakwerenso kwenikweni, ndipo Airtel Malawi inalowa pa msika mu February 2020, mkati mwa mkangano womwewo. Ku Kenya zinali zosiyana, chifukwa khoti lalikulu litathetsa kupambana kwa Uhuru Kenyatta pa 1 September 2017, masheya anatsika mofulumira mpaka malonda ku Nairobi anaimitsidwa kwa kanthawi. Kusiyanaku kumachokera pa eni masheya: msika wa Nairobi uli ndi alendo ambiri amene amathawitsa ndalama zawo akangomva phokoso, pamene wathu wagwiridwa ndi mabungwe a m'dziko momwemuno amene alibe kwina kopita. Mu 2025, chaka chimene Peter Mutharika anapambana pa chisankho cha pa 16 September, mitengo ya masheya pa msika wathu inakwera kuposa kawiri, ndipo amene anagulitsa chaka chikuyamba poopa chisankho anatsala akuyang'ana.

Komabe apa ndiyenera kukhalitsa pang'ono, chifukwa kukwera kwa masheya sikutanthauza nthawi zonse kuti zinthu zili bwino. Pamene mitengo ya zinthu ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ndalama zakunja zikusowa, ndipo malamulo salola kutumiza ndalama kunja mwachisawawa, anthu ndi mabungwe amathamangira masheya ngati pobisalira. Mtengo umakwera chifukwa cha mantha, osati chifukwa chakuti makampani akupanga katundu wochuluka. Zimbabwe inaonetsa zimenezi poyera mu 2017. Chaka chimenecho masheya a ku Harare anakwera modabwitsa chifukwa anthu sankakhulupirira ndalama zimene zinali m'mabanki, koma asilikali atalowerera mu November ndipo Robert Mugabe n'kutula pansi udindo, msikawo unagwa kwambiri m'masiku ochepa. Unagwa chifukwa anthu anayamba kukhala ndi chiyembekezo, n'kuona kuti pobisalira sipakufunikanso. Choncho m'dziko la ndalama yofooka, nkhani yabwino ya ndale ingathe kutsitsa masheya, ndipo yoipa ingathe kuwakweza. Munthu amene wasankha kudekha adziwe kuti phindu limene akuliona papepala ndi fodya wa pachala, amene mphepo ingamuuluze. Wake weniweni ndi gawo la phindu limene kampani imamugawira chaka ndi chaka. Ngati mtengo wa sheya wakwera katatu pamene phindu la kampani langokwera ndi theka, kudekha kokha sikokwanira, ndipo kugulitsako pang'ono sikukhala mantha koma nzeru. Zimbabwe yomweyo inaonetsanso ngozi ina mu June 2020, pamene boma linatseka msika wa masheya kwa milungu ingapo, n'kudzautsegula popanda masheya a Old Mutual ndi makampani ena awiri olembetsanso kunja, moti eni ake anakhala ndi chuma chimene sakanatha kuchigulitsa.

Ena amasankha kusamutsira ndalama zawo ku ngongole za boma, makamaka ma treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364 amene Banki Yaikulu imagulitsa. Ubwino wake ndi woonekeratu: mumadziwiratu tsiku limene ndalama idzabwerere ndiponso chiwongoladzanja chake, ndipo palibe chifukwa choyang'ana mitengo tsiku ndi tsiku. Kwa munthu amene akufuna ndalamayo pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, njira imeneyi imaposa buku wamba la kubanki. Koma mu 2024 ndi mbali yaikulu ya 2025, chiwongoladzanja cha treasury bill ya masiku 364 chinali 26 peresenti ndipo cha masiku 91 chinali 16 peresenti, pamene mitengo ya zinthu inkathamanga kuposa pamenepo, kutanthauza kuti wobwereketsayo ankalandira kwacha zochuluka zogula katundu wochepa. Ndiponso tisaiwale kuti wobwereka ndi boma lomwelo limene zochita zake tikuzithawa. Ku Ghana, mu December 2022, boma linapempha eni ngongole zake za nthawi yaitali za m'dzikomo kuti alandire mapepala atsopano a chiwongoladzanja chotsika ndi nthawi yotalikirapo, ndipo mabanki ambiri analuza chaka chimenecho. Ma treasury bill okha ndi amene sanakhudzidwe. Ku Britain, dziko limene ngongole zake zimatengedwa ngati zodalirika kwambiri, bajeti ya nduna ya zachuma Kwasi Kwarteng ya pa 23 September 2022, yodula misonkho popanda kufotokoza kumene ndalama zidzachokere, inagwetsa mitengo ya ngongole za boma mpaka Bank of England inalowererapo kuti ipulumutse mabungwe a penshoni, ndipo nduna yaikulu Liz Truss anatula pansi udindo mwezi wotsatira. Phunziro limene ndimatengapo ndi lakuti m'nyengo yosadziwika bwino, ngongole ya boma ya nthawi yaifupi ndi yotetezeka kuposa ya zaka zisanu kapena khumi, ngakhale yaitaliyo ikulonjeza chiwongoladzanja chokopa.

Njira imene ndimaona kuti imafuna kuganiza kwambiri, komanso imene imapindulitsa woganizayo, ndiyo kukhalabe pa msika koma n'kuyang'ananso mtundu wa makampani amene muli nawo. Mphepo ya ndale siwomba makampani onse mofanana. Anthu a ku Britain atavota pa 23 June 2016 kuti atuluke mu European Union, paundi inagwa kufika pamene inali isanafikepo kuyambira 1985, koma masheya a makampani akuluakulu a ku London, amene amapeza ndalama zawo zambiri kunja, anabwerera m'mwamba pasanathe sabata, pamene makampani odalira msika wa m'dzikomo anavutika kwa nthawi yotalikirapo. Ku South Africa, Jacob Zuma atachotsa nduna ya zachuma Nhlanhla Nene pa 9 December 2015 n'kuikapo Des van Rooyen, randi inagwa ndipo masheya a mabanki ndi amene anamenyedwa koposa, mpaka patangotha masiku anayi Pravin Gordhan anabwezeredwa pa unduna umenewo. Taonani kuti apa panalibe chisankho chilichonse, koma kusintha kwa munthu mmodzi pa mpando umodzi.

Tikabweretsa maganizo amenewa pa msika wa ku Blantyre, makampani amagawika mwanjira yosavuta kuiona. Mabanki monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank ndi FDH Bank apeza phindu lalikulu m'zaka zapitazi, ndipo mbali yaikulu ya phindulo imachokera pa kubwereketsa boma pa chiwongoladzanja chokwera. Boma likapitiriza kubwereka, iwo amakolola. Likachepetsa kubwereka, kutsitsa chiwongoladzanja, kuwaikira msonkho wapadera kapena kukonzanso ngongole zake ngati ku Ghana, iwo ndiwo oyamba kumva kuwawa. Munthu amene masheya ake onse ali m'mabanki, n'kukhalanso ndi ma treasury bill ndi penshoni, angaganize kuti wabzala minda itatu, pamene yonseyo ikumwa madzi a chitsime chimodzi. Makampani a mafoni, TNM ndi Airtel Malawi, amalandira kwacha koma amalipira zipangizo zambiri m'madola, ndipo n'chifukwa chake Airtel Malawi inaluza mu 2023 kwacha itatsitsidwa, ngakhale kuti makasitomala ake sanasiye kugula mayunitsi. Illovo imagulitsa shuga wina kunja, choncho kugwa kwa kwacha kumaipatsako mpumulo, koma imakhudzidwa ndi malamulo a boma okhudza shuga wolowa ndi wotuluka m'dziko. FMB Capital Holdings ili ndi mabanki ku Malawi, Zambia, Mozambique, Botswana ndi Zimbabwe, kotero chisankho cha dziko limodzi sichigwira thupi lake lonse. Sunbird, imene masheya ake ambiri ndi a boma, imadalira kwambiri misonkhano ndi alendo, zinthu zimene zimachepa misewu ikadzaza utsi wokhetsa misozi. Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti imafuna kuwerenga malipoti a makampani, ndipo pa msika waung'ono sheya imene mukuifuna mwina simungaipeze pa mtengo woyenera.

Za njira yolosera wopambana n'kugula masheya motsatira ulosiwo sindinenapo zambiri, chifukwa ndi juga. N'zoona kuti ku Zambia, Hakainde Hichilema atapambana mu August 2021, kwacha ya kumeneko inalimba kwambiri m'milungu yochepa ndipo amene analosera bwino anapindula. Koma ku India komwe tatchula kuja, pa 3 June 2024 masheya anakwera kufika pamene anali asanafikepo chifukwa kafukufuku wa otuluka m'malo ovotera ankalosera kupambana kwakukulu, ndipo ogula tsiku limenelo ndi amene analira mawa lake. Choopsa china n'chakuti munthu amasokoneza chikondi cha chipani ndi kuwerengera ndalama: amagula chifukwa wake wapambana, kapena amagulitsa chifukwa chokhumudwa, pamene kampaniyo ikugwira ntchito monga mwa masiku onse.

Yatsala ndi njira yogula pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi kapena miyezi itatu iliyonse, ndi ndalama yofanana, chisankho chisanafike, chili mkati ndiponso chitadutsa. Mitengo ikatsika ndalama yomweyo imagula masheya ambiri, ikakwera imagula ochepa, ndipo munthu safunika kulosera chilichonse. Anthu amene anazolowera kuponya masheya ku banki m'khonde sabata iliyonse amaimvetsa njira imeneyi popanda kuifotokoza kawiri. Amene ndalama zawo ndi zochepa, kapena amene sangathe kutsatira makampani mmodzimmodzi, angachite zomwezo kudzera mu unit trust, kumene ndalama za anthu ambiri zimasonkhanitsidwa n'kuyendetsedwa ndi akatswiri ololedwa ndi Banki Yaikulu, ngakhale kuti akatswiriwo amadula kangachepe chaka chilichonse, ndipo ndi bwino kufunsiratu kuti ndi zingati. Njira imeneyi siteteza munthu ngati msika wonse wakwera mopitirira muyeso n'kudzatsika kwa zaka zingapo, koma imachotsa ngozi yoika chuma chonse tsiku limodzi lolakwika.

Ndikaziika pamodzi, ine ndimagawa ndalama potsatira tsiku limene idzafunike, osati tsiku la chisankho. Imene idzafunike chaka chisanathe ikhale mu treasury bill yaifupi kapena ku akaunti ya fikisidi, ndipo mwini wake avomereze kuti kukwera kwa mitengo kumudyerako pang'ono posinthana ndi mtendere wa mumtima. Imene ingadikire zaka zisanu kapena kuposerapo ikhale m'masheya a makampani osadalira chitsime chimodzi, n'kumawonjezeredwa pang'onopang'ono. Ndipo m'malo mogona pa wailesi usiku wowerenga mavoti wokha, maso akhale pa zimene zimabwera pambuyo pake: amene wasankhidwa kukhala nduna ya zachuma ndi gavanala wa Banki Yaikulu, bajeti yoyamba ndi misonkho yake, kuchuluka kwa ndalama zimene boma likubwereka m'mabanki a m'dziko muno, ndiponso kusiyana kwa mtengo wa dola kubanki ndi mumsewu, chifukwa kusiyanako kukakula kwambiri ndiye kuti kutsitsa mphamvu ya kwacha kwayandikira. Zokambirana ndi bungwe la IMF nazonso n'zofunika kuzitsatira, pakuti kwacha inatsitsidwa mu November 2023 masiku ochepa bungweli lisanavomereze ngongole yatsopano ya Malawi, pulogalamu imene inadzathera panjira mu May 2025. Anthu amene anagulitsa masheya awo mu June 2020 poopa tsiku lovota anathawa sabata imene inadutsa mwabata, pamene zinthu zimene zinasinthadi chuma chawo zinadzabwera patapita zaka ziwiri ndi zitatu, kudzera m'makalata a Banki Yaikulu olengeza kutsitsidwa kwa mphamvu ya kwacha.